Loji ya ku Mangochi: chambo chokoma, zipinda zaukhondo, koma opanda mtchatho akubwezedwa pakhomo

Loji yomwe ndikukambayi ili m'mbali mwa nyanja pakati pa Mangochi Boma ndi Monkey Bay, mumasiya tala nkulowa kamsewu kafumbi kodutsa m'mudzi mpaka kukatulukira pageti. Dzina lake sinditchula, ndi mpingo wa eni ake omwe sinditchula, chifukwa sindinabwere kudzagwetsa bizinesi ya munthu ayi, ndi banja lolimbikira ndipo pali achinyamata angapo a m'mudzimo amene akupezera sopo pamenepo. Koma amene mukufuna kupita ndi makolo anu kapena abale anu akuluakulu kunyanja muwerenge kaye mpaka kumapeto, chifukwa pamalopo pali lamulo lina lomwe sakuuzani pa foni mukamabuka, mumakalimva mutafika kale zikwama zili m'manja. Pa ukhondo ndi chakudya ndikuwapatsa malikisi onse. Pa kalandiridwe ka alendo alephera, ndipo wolephera si mtsikana wa pa risepushoni kapena mlonda, ndi lamulolo.

Tiyambe ndi zabwino poti zilipo zambiri. Ine ndinagwirako ntchito mma gesitihausi a ku Durban ndisanabwerere kumudzi, nde ndikalowa m'chipinda maso anga amathamangira malo amene ena sayang'anako, kuseri kwa chitseko cha kubafa, pansi pa bedi, m'mphepete mwa matilesi momwe mumabisala nsikidzi, pamwamba pa fani. Konseko kunali mbee. Mashiti ochapa bwino, matawelo osanunkha chinyontho, neti yopanda bowo olo limodzi ndipo ndi ija yaikulu yamakona anayi yoti sukhudzana nayo ukamatembenuka usiku, zomwe kunyanja ndi nkhani yaikulu chifukwa udzudzu wa ku Mangochi sumasewera. Madzi otentha ndi a giza ya sola, madzulo amatentha bwino koma mukachedwa kusamba mmawa mupeza atazizira. Magetsi atazima mababu ndi mafani zinapitiriza ndi sola yomweyo, phokoso la jenereta sitinalimve. Wi-Fi yokha ndi yofooka, imagwira mukakhala pafupi ndi risepushoni basi, nde tengani bandulo yanu. Kamsewu kaja nthawi ya mvula kamafuna galimoto yokwera, tima Mira ndi tima Sienta tingavutike pa dambo lina musanafike.

Kugombe amasesa mmawa uliwonse, simupeza botolo losweka kapena majumbo, ana amasewera osavala nsapato mtima uli m'malo. Chilumba cha Boadzulu chimaoneka patali apo, ndipo mukalawira mumawaona asodzi akubwera ndi mabwato awo, mlonda amakuthandizani kutsitsa mtengo wa usipa ngati mukufuna wopita nawo kunyumba.

Chakudya nde eee. Chambo chawo ndi chenicheni, osati timakumba tija amakuikirani malo ena nkumakuuzani kuti ndi chambo chaching'ono. Amaotcha pamakala, mandimu ndi tsabola wa kambuzi pambali, nsima yoyera yosalala, nkhwani wotendera wothira nsinjiro zokwanira osati zongonunkhiritsa, ofuna mpunga ndi Kilombero weniweni womveka fungo lake uli panja. Vuto ndi limodzi, amachedwa, chifukwa amayamba kuphika mukaoda, nde muziodatu musanapite kukasambira. Mtengo wake poyerekeza ndi malo ena a msewu omwewo ndi wabwino ndithu.

Tsopano eni ake ndi anthu opemphera kwambiri, osunga Sabata, ndipo izi sabisa, pali bolodi pa risepushoni yolembedwa bwinobwino m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Mowa sagulitsa komanso salola kubwera nawo, fodya ayi, nkhumba ayi, nsomba zopanda mamba monga kampango ndi mlamba simuzipeza pa menyu, nyimbo zaphokoso ayi. Kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Loweruka dzuwa likalowanso salandira ndalama komanso kukhitchini sasonkha moto, amaphikiratu nkusunga m'mafulasiki aakulu aja a chakudya, nde Loweruka masana mumadya nkhuku ndi mpunga zofunda osati zotentha. Ine zonsezi ndilibe nazo vuto olo pang'ono ndipo ndinazilemekeza. Munthu akati ine mowa sindigulitsa, ndekuti sagulitsa kwa aliyense, kaya ndinu bwana wa ku Capital Hill kaya ndinu wa kabaza, nonse mwamanidwa chimodzimodzi ndipo palibe amene wanyozeka. Msuwani wanga wokonda Green anangoyenda wapansi kupita pa trading, anakamwa zake konko nkubwerera kudzagona mwakachetechete. Ndi mmenenso amachitira ma butchala a Asilamu ku Boma kuja, nkhumba sangakupachikireni olo mutapereka ndalama zingati, koma ng'ombe yawo amagulitsa kwa mkhristu, kwa wa gule, kwa osapemphera, aliyense amene wabwera ndi ndalama yake.

Lamulo la mtchatho lokha pa bolodi paja palibe.

Ife tinapita ku ukwati wa mwana wa achemwali athu. Ndinabuka ndine pa WhatsApp, ndinatchula kuti tikufuna zipinda zingati, mabanja angati, ndinatumiza dipoziti pa Airtel Money, anayankha kuti zikomo talandira Mulungu akudalitseni, basi. Tinafika Lachinayi kukuda titatopa ndi zokhotakhota za ku Golomoti. Mtsikana wa pa risepushoni anatilandira bwino, anatipatsa buku kuti tilembe maina, ine ndi mwana wanga wamkazi tinapatsidwa kiyi wathu, mng'ono wanga ndi mwamuna wake anafunsidwa mtchatho, tinadabwa koma mwamwayi anali ndi chithunzi chake mu foni poti anakwatira kutchalitchi posachedwapa, anawalola. Kenako inafika nthawi ya achimwene athu aakulu ndi alamu. Mtsikana uja maso pansi, mawu otsika, akuti "Anti pepani, nawonso abambowa ndi amayiwa tione nawo mtchatho wawo, wa kutchalitchi kapena wa kwa DC."

Abale anga, achimwene amenewa anakwatira nthawi ya Kamuzu. Ukwati wawo unali wa chinkhoswe kumudzi kwathu ku Ntcheu, ankhoswe a mbali zonse analipo, tambala ndi msoti zinasinthidwa, mudzi onse unadya nkuvina. Ana awo ndi akuluakulu, zidzukulu zilipo, mmodzi mwa ankhoswe awo anamwalira kalekale. Ndi iwowa amene anatilera ife bambo athu atatisiya, ndipo pa ukwati umene tinapitirawo nkhoswe wamkulu wa kuchikazi anali iwo omwewo. Pepala lokha alibe, sanadalitse kutchalitchi ndipo kwa DC sanapiteko, ngati mmene alili anthu ambirimbiri a msinkhu wawo m'midzi mwathumu.

Achimwene sanakweze mawu. Anangoti "Mwanawe, mayi awa ndakhala nawo iwe usanabadwe, mwinanso mayi ako asanakwatiwe." Mtsikana uja misozi ili lengelenge akuti "Agogo ndikudziwa, ndikuona, koma ndi lamulo la abwana, ndikakupatsani kiyi ntchito yanga yatha." Anayesa kuimbira abwanawo, anali ku mapemphero foni yozima. Chomwe akanatha ndi kuwapatsa zipinda ziwiri zosiyana, chilichonse kulipira pachokha. Koma alamu anga ali ndi shuga ndi BP, usiku amadzuka kangapo ndipo amene amadziwa mankhwala awo ndi nthawi yake ndi achimwene, sangagone okha chipinda chachilendo. Ndinati nde alamu agone ndi ine achimwene agone ndi anyamata, achimwene anakana, ndipo ndimawamvetsa, sinali nkhani ya bedi. Alamu amene nthawi yonseyi anali chete atagwira chikwama chawo anangoti "Abambo tiyeni tizipita, tisachititse ana manyazi." Mawu amenewo mpaka lero amandipweteka, mayi oti sanalakwe kanthu kumadziona ngati iwowo ndi amene abweretsa manyazi, pamaso pa zidzukulu zawo.

Mlonda, bambo wachiYao waulemu kwambiri, anawanyamulira zikwama nkukwera nafe galimoto kukationetsa pomwe pangapezeke malo usiku umenewo. Malo amene anapezeka ndi resitihausi ya pa trading yoyandikana ndi bala, nyimbo mpaka mbandakucha, anthu akulowa ndi kutuluka m'zipinda usiku onse. Kumeneko ndi kumene nkhoswe wa ukwati ndi mkazi wake anagona.

Mmawa wake ndinapempha kuonana ndi mwini malo. Ndinene zoona, ndi bambo wofatsa, anandipatsa mpando pansi pa mtengo wa mango, anaitanitsa tiyi, anandimvetsera mpaka ndinamaliza osandidula. Iwo akuti "Mayi, malo ano ndinamanga ndi penshoni yanga, ndipo tsiku loika maziko ndinalonjeza Mulungu kuti pano sipadzakhala pochitira chiwerewere. Inu simukhala kuno, simudziwa zomwe timaona pa wikendi, azibambo a magalimoto akuluakulu kubwera ndi ana a sukulu, ena ayunifolomu ili m'chikwama. Ine ndikapereka kiyi kwa anthu otero ndekuti ndachita nawo tchimolo." Ananditchulira Ahebri 13 ndime 4, ija imakamba zolemekeza ukwati ndi pogona pake, kenako anandilozera kachikwangwani kali pageti kaja ka Right of admission reserved, nkuti malo ndi anga, ndili ndi ufulu osankha olowa.

Ine ndine wa Mvano, Baibulo ndimalikonda, ndipo nkhawa yawo sindikuitenga ngati yabodza. Zomwe amanena za ana a sukuluzo ndi zoona, ndinaziona ndi maso ku Durban ndipo kuno kwathu zilipo, zimandinyansa ngati mmene zimawanyansira iwo. Ndinawauza choncho. Koma ndinawauzanso kuti Bambo, chaputala chomwecho mukakwera pang'ono pa ndime 2 pali za kusaiwala kuchereza alendo, ndipo ukwati umene ndime 4 ikuti tiulemekeze ndi umene munaubweza pageti dzulo. Anakhala chete kanthawi, kenako akuti vuto ndi loti sangadziwe amene akunena zoona ndi amene akunama, nde pepala ndi lomwe limawathandiza.

Pepalalo silithandiza kanthu, ndikunena ngati munthu amene ndinakhalapo kuseri kwa kauntala. Mtchatho ulibe chithunzi cha nkhope. Bambo wa galimoto yaikulu uja amene iwo akumuopa ndi amene mtchatho ali nawo, anakwatira kutchalitchi ndi suti ndi kwaya, akhoza kuujambula mu foni nkubwera ndi chibwenzi chake nkuti awa ndi mayi akunyumba, mtsikana wa pa risepushoni adzatsutsa bwanji. Amene sangadutse ndi achimwene anga, ndi mabanja onse a chinkhoswe, ndi anthu a ku Mangochi konko ambiri amene anamanga nikah kwa shehe m'mudzi popanda chikalata, ndi amene mtchatho wawo unadyedwa ndi chiswe kapena unapita ndi madzi osefukira. Nde lamuloli silikusefa ochimwa ayi, likusefa osauka, akumudzi, okalamba ndi achipembedzo china.

Ndipo pali china chomwe chinandiwawa kwambiri. Lachisanu lomwelo masana kunafika azungu awiri achinyamata, mnyamata ndi mtsikana, zikwama zikuluzikulu kumsana, anapatsidwa chipinda cha bedi imodzi choyang'ana kunyanja popanda funso lililonse, ine ndili pomwepo ndikulipira bilu Sabata lisanalowe. Atachoka ndinamufunsa mtsikana uja mwakachetechete, akuti "Anti, azungu sitiwafunsa, amakwiya, amakalemba zoipa pa intaneti." Sindinamukalipire chifukwa si iye anapanga zimenezi. Koma ngati lonjezo la kwa Mulungu lija limagwira pa agogo a ku Ntcheu nkumasiya mlendo wa pasipoti yakunja, pamenepo chatsala ndi tsankho basi, ndipo ndinabwerera kwa bambo aja kukawauza maso ndi maso.

Za kachikwangwani ka pageti kaja, anthu ambiri a mabizinesi amakakhulupirira kwambiri kuposa mphamvu yake. Kamakuthandizani kutulutsa woledzera, wandewu, wosalipira, woononga katundu, munthu chifukwa cha zomwe akuchita. Sikangakhale pamwamba pa malamulo aakulu a dziko. Malamulo athu a 1994, gawo 33, amapatsa aliyense ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo, nde bambo aja ali ndi pogwira, sikuti akungolankhula za m'mutu. Koma malamulo omwewo gawo 20 amaletsa tsankho la mtundu uliwonse, amatchula khungu, chilankhulo, chipembedzo, mtundu wa munthu, ulumali, chuma, kubadwa, mpaka kuonjezera kuti kapena mmene munthu alili mwa njira ina. Ena amaganiza kuti izi zimamanga boma lokha, ayi, gawo 15 limati maufulu amenewa azilemekezedwa ndi boma komanso anthu wamba ndi makampani pomwe zikuwakhudza. Nde pa ukwati penipenipo, gawo 22 limatchula maukwati a mwalamulo, a mwachikhalidwe, ngakhale aja oti anthu akhala limodzi nthawi yaitali mpaka aliyense akuwadziwa kuti ndi banja. Lamulo la maukwati la 2015 linabwerezanso zomwezo, wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wa chinkhoswe, onse mphamvu yake ndi imodzi. Kutanthauza kuti pamaso pa dziko la Malawi achimwene anga ndi okwatira chimodzimodzi ndi bambo a loji aja, palibe woposa mnzake.

Komanso si koyamba kuti dziko lino likumane ndi nkhani yobweza anthu pakhomo chifukwa cha chikhulupiriro. Ana a chi Rasta anakhala zaka akubwezedwa m'sukulu za boma chifukwa cha madiredi mpaka khothi lalikulu ku Zomba, jaji Zione Ntaba, linagamula mu 2023 kuti kutero ndi kuphwanya malamulo. Nkhani ya hijabu m'sukulu za mipingo inavuta kwambiri ku Balaka ndi ku Machinga kufikira a PAC, bungwe la atsogoleri a zipembedzo la Public Affairs Committee, atakhazika pansi mbali zonse nkusainirana mgwirizano mu 2021. Zimenezo ndi za sukulu osati za malonda, koma ululu wa munthu wobwezedwayo ndi omwewo.

Chomwe chimandichititsa kuti ndisavomere mawu oti bola munthuyo akukhulupirira ndi mtima onse, ndi zomwe zinachitika ndili ku Joni. Mu 2016 gesitihausi ina ya ku Sodwana Bay, m'chigawo chomwecho cha KwaZulu-Natal komwe kuli Durban, inatchuka dziko lonse. Mwini wake Andre Slade anayankha munthu wofuna malo pa imelo kuti salandiranso anthu akuda ndi ogwira ntchito m'boma, ndipo atolankhani atamufunsa sanabise, anati ndi zomwe iye amawerenga m'Baibulo. Ife akuda amene timayala mabedi ndi kulandira alendo mma gesitihausi a kumeneko tinakambirana nkhani imeneyi masabata ambiri, imatikhudza pakhungu penipeni. Khothi loona za tsankho linamupeza wolakwa mu 2018 nkumulipiritsa R50 000. Sindikunena kuti bambo a ku Mangochi ndi ofanana ndi munthu ameneyu, ayi ndithu, mtima wawo ndi wina kutalitali. Ndikungoti nayenso Slade amakhulupirira zake ndi mtima onse, nde ngati muyeso ukhala umenewo palibe khomo lomwe lingatsale lotsegula, lero wina abweza wopanda mtchatho, mawa wina abweza wa hijabu, mkuja wina ku Mangochi konko komwe Asilamu ndi ochuluka abweza mayi wovala yunifolomu ya Mvano, ndipo ife akhristu tidzakhala oyamba kulira.

Nkhani yofanana kwambiri ndi yathuyi inachitika ku England. Peter ndi Hazelmary Bull, banja lachikhristu, anali ndi kahotela ku Marazion ku Cornwall, lamulo lawo linali loti chipinda cha bedi imodzi ndi cha mwamuna ndi mkazi okwatirana basi. Mu 2008 anabweza amuna awiri, Steven Preddy ndi Martyn Hall, amene anali pa mgwirizano wovomerezeka ndi malamulo a kumeneko. Lamulo la a Bull linalembedwa pa fomu yobukira pa intaneti, koma anthuwo anabuka pa foni nde sanalione. Khothi la ku Bristol linalamula kuti aliyense apatsidwe £1,800, a Bull anachita apilo mpaka kukafika ku khothi lalikulu kwambiri la ku UK, mu 2013 anagonja. Ndikudziwa ena mwayamba kale kunena kuti aaa zimenezo nza kunja, kwathu kuno malamulo pa nkhani ya amuna okhaokha ndi ena. Zoona ndi ena, ndipo mkangano umenewo sindikuubweretsa pano. Chomwe ndikufuna muone ndi chakuti ubale umene dziko lauvomereza, mwini hotela sangaime pa kauntala nkumati kwa ine umenewu suwerengedwa. Kwathu kuno ubale umene dziko linauvomereza ndi chinkhoswe cha achimwene anga.

Koma musaganize kuti makhothi amenewa amangopondereza opemphera. Khothi lomwelo mu 2018 linaikira kumbuyo banja la McArthur, eni bekale ya Ashers ku Belfast, amene mu 2014 anakana kulemba pa keke ya £36.50 mawu olimbikitsa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Majaji onse asanu anagwirizana kuti a bekaleyo sanakane munthuyo, Gareth Lee, yemwe anali atagulapo kale zinthu pa shopu yawo, anakana mawuwo, ndipo akanakana kuwalemba olo akanabwera nawo munthu wina aliyense. Ine pamenepa ndi pomwe ndimaima. Bambo a loji aja asaumirizidwe kugulitsa mowa, asaumirizidwe kuphika pa Sabata, wina akafuna kuchititsa phwando la dansi usiku onse pa gombe lawo akane, wina akafuna kuti apachike chikwangwani cha mawu otsutsana ndi chikhulupiriro chawo akane, ndipo ine ndidzaima nawo. Zimenezo ndi zokhudza zomwe iwo akugulitsa ndi zomwe iwo akulankhula. Koma chipinda chogona anachiika kale pa msika, anatenga laisensi, anaika chikwangwani kumsewu choitana aliyense wodutsa. Akanakhala kuti ndi kunyumba kwawo kuchipinda cha alendo, akanafunsa mitchatho mmene angafunire palibe akanawaletsa. Kupereka kiyi kwa mlendo wolipira sikudalitsa ukwati wake, ntchito imeneyo ndi ya abusa.

Ndinawauzanso kuti njira yotetezera ana a sukulu aja ilipo ndipo ndi yosavuta, ndi imene timachita ku Durban. Aliyense wogona alembedwe m'buku ndi chiphaso chake, osati mwamuna yekha ayi, onse awiri. Ziphaso za unzika takhala nazo kuyambira 2017, zili ndi nkhope ndi tsiku lobadwa, ndipo chaka chomwecho malamulo aakulu anasinthidwa kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Bambo wamkulu akabwera ndi mtsikana wopanda chiphaso wooneka mwana, musapereke kiyi, imbirani apolisi kapena a zachitetezo cha ana, pamenepo lamulo lili kumbali yanu ndipo mwapulumutsa mwana weniweni. Musagulitse chipinda pa maola. Mlendo wosalembedwa m'buku asalowe kuzipinda usiku. Malamulo amenewa amagwira aliyense mofanana, mzungu ndi wakuda, wa mtchatho ndi wa chinkhoswe, ndipo loji yawo ikhalabe yaulemu ngati mmene akufunira.

Pa dipoziti sindingawanamizire, anabweza ndalama ya chipinda cha achimwene yonse, kungoti tinadikira mpaka Sabata litatuluka poti Loweruka sagwira ndalama. Ya resitihausi ija sanaikhudze. Kupepesa anapepesa kwa ine, akuti pepani kuti zinakuvutani, koma kwa eni ake amene anachititsidwa manyaziwo sanapite, chonsecho tinawauza pomwe ukwati ukuchitikira ndipo si patali. Kwathu munthu ukalakwira wamkulu umapita wekha kukagwada kapena umatuma munthu, sutumiza pepani kudzera mwa mlongo wake.

Amene zoterezi zingakuchitikireni kulikonse dziwani kuti kokadandaula kulipo. Nkhani ya ndalama, monga kukubisirani lamulo mpaka mutalipira kapena kukana kubweza dipoziti, ndi ya a CFTC (Competition and Fair Trading Commission) amene amaona madandaulo a ogula. Nkhani ya tsankho ndi ya a Malawi Human Rights Commission. Ine ndinafuna kupita, achimwene anandiletsa, akuti zisiyeni alamu anu asamatchulidwe m'maofesi, ndipo poti nkhani ndi yawo ndinamvera. Mmalo mwake ndinawalembera bambo aja uthenga wautali pa WhatsApp, ndinaikamo zonse ndalemba panozi ndi magawo a malamulo omwe, ndinawapempha kuti achotse lamulo la mtchatho aike la ziphaso. Anayankha mwaulemu kuti "Mayi ndamva, tikambirana ndi akunyumba komanso abusa." Msuwani wanga amene anadutsako posachedwapa pa ntchito akuti mtsikana uja akufunsabe mtchatho, ndipo pa bolodi sanalembebe.

Nde ngati mukupita nokha, kapena ndi ana, kapena ndi gulu la kutchalitchi kokapemphera, malowa mukasangalala nawo, ndi abata, aukhondo ndipo mukadya bwino. Ngati mukupita ngati banja, pa loji iliyonse ya mpingo kapena ya anthu opemphera m'mbali mwa nyanjamu, funsani musanatumize dipoziti ngati amafuna mtchatho ndipo akuyankheni molemba, makamaka ngati mwatenga makolo, chifukwa iwowo sadzakangana ndi munthu pa kauntala, adzangonyamula chikwama nkutuluka. Ife a m'banja mwathu za Khrisimasi ikubwerayi tabuka kale kwina ku Senga Bay, funso langa loyamba pa foni linali lomwelo, mayi amene anayankha anati iwo amangofuna chiphaso cha unzika cha aliyense wogona ndi nambala ya galimoto.